Loya amene anatithandiza pa chipukuta misozi cha achimwene: nyenyezi zitatu mwa zisanu

Achimwene anga anamwalira atagundidwa ndi lole, akubwerera kuntchito pa njinga yamoto. Anasiya mlamu wanga ndi ana atatu, wamng'ono ali ndi zaka 4. Patapita miyezi iwiri, a inshulansi ya lole ija anatumiza fomu yoti mlamu asaine kuti alandire ndalama. Tisanasaine ndinawaperekeza kwa loya wodziwa milandu ya ngozi zapamsewu.

Tsiku loyamba lomwelo ndi limene ndimawayamikira nalo. Loyayo anawerenga fomu ija kawiri, n'kuti, "Mayi, mukasaina apa mwavomereza kuti nkhani yatha, simudzapemphanso kanthu." Tikanasaina ndithu, ngongole za maliro zinali zitatipanikiza. Kenako anatifotokozera kuti chipukuta misozi chimawerengedwa potengera msinkhu wa womwalirayo, ndalama zimene amapeza pamwezi, ndi anthu amene amamudalira. Ndiye mapepala a malipiro a achimwene ndi ziphaso za kubadwa za ana zinali zofunika chimodzimodzi ndi ripoti la apolisi ndi chiphaso cha imfa. Anatichenjezanso kuti inshulansi ikhoza kukhala ndi malire a ndalama zimene ingapereke, ndipo zotsalazo timakazifuna kwa mwini lole.

A inshulansi anayesa kunena kuti achimwene nawonso analakwa chifukwa sanavale helemeti, cholinga achepetse ndalama. Loyayo anakapeza chithunzi cha apolisi chosonyeza helemeti yosweka pambali pa njinga ija, ndipo bodzalo linathera pomwepo.

Koma pa nkhani yodziwitsana, ayi. Miyezi isanu yathunthu sitinamve kalikonse. Ukaimba foni, mlembi amangoti "bwana ali kukhoti, akuimbirani", ndipo saimba. Mlamu anafika poganiza kuti fayilo yathu yatayika, usiku osagona. Chinanso, tinadziwa kumapeto kuti ndalama zolembetsera mapepala kukhoti zinali zapadera, sizinali m'gawo la loya lomwe tinagwirizana. Zinalembedwa mu mgwirizano, inde, koma pa tsamba lachitatu, m'zilembo zing'onozing'ono, ndipo munthu amene akulira sawerenga tsamba lachitatu. Inu mukapita, afunseni zimenezi pamaso tsiku loyamba.

Ndalama zinatuluka patatha miyezi 14, zoposa zimene zinali pa fomu yoyamba ija. Uthenga wotidziwitsa zimenezi ndi wokhawo umene ofesiyo inatitumizira ife tisanayambe taimba.