Ndemanga ya paipi ya HDPE ya mamilimita 32 itatha chaka m'nthaka

Patha chaka ndi miyezi iwiri chikwirireni paipi iyi, yomwe ndi ya pulasitiki ya mtundu wa HDPE, kuchokera pa mita ya Northern Region Water Board kukafika kunyumba kwathu kumunsi kwa Masasa mumzinda wa Mzuzu, ndipo kufikira lero sinadonthepo. Ndinagula mpukutu wa mamita 100, wakuda wokhala ndi mizere yabuluu, yomwe imasonyeza kuti ndi paipi ya madzi akumwa.

Poyamba ndinaika ina yotsika mtengo yopanda cholembedwa chilichonse pathupi pake, chifukwa wogulitsa anati mapaipi akuda onse ndi amodzi. Inang'ambika kawiri, konse usiku, pamene anthu satunga ndipo mphamvu ya madzi imakwera. Tinadzuka pabwalo pali thope lokhalokha, nkhuni zitanyowa, ndipo bilu ya mwezi umenewo inandipweteka kwambiri.

Pulambala amene anadzakonza ndiye anandiphunzitsa kuwerenga zilembo zimene zimadindidwa m'litali mwa paipi yabwino. Pa yanga palembedwa PE100, SDR 11, PN16. PE100 ndi gulu la pulasitiki yake, yolimba kuposa PE80. SDR imapezeka pogawa kukula kwa kunja kwa paipi ndi kuchindikala kwa khoma lake, kotero nambala ikachepa ndiye kuti khoma ndi lochindikala. Titadula nsonga tinapeza mamilimita 3, pamene ya SDR 17 ya kukula komweku imakhala ndi 2 okha ndipo imapirira PN10. PN ndi mphamvu ya madzi imene paipi ingapirire, yoyezedwa mu bar, ndipo madzi akatsika mamita 10 amawonjezera pafupifupi bar imodzi. Kwa ife okhala m'zigwa za Mzuzu, kumene madzi amabwera motsetsereka, nambala imeneyi si yoinyalanyaza.

Zovuta zake zilipo. Mtengo wake ndi wokwera, ndipo chifukwa cha kuchindikala ndi youma kwambiri. Tinaiyala mu June kukuzizira, inkangodzipinda ngati idakali pampukutu, mpaka tinaisiya padzuwa maola angapo kuti ifewe. Sigwira guluu ngati PVC, choncho pamafunika zolumikizira zomanga ndi mazinga, zomwenso zimadya ndalama. Koma popeza mpukutu ndi wautali, tinalumikiza pamalo awiri okha, kumita ndi kunyumba.

Ndinauzidwanso kuti PN imawerengedwa madzi ali pa madigiri 20, ndipo paipi ikatentha mphamvu yake imachepa. N'chifukwa chake tinaikwirira kupitirira m'mawondo, titachotsa miyala yakuthwa m'ngalande, kuti khasu lisaipeze nthawi yolima. Madzi amatuluka oyera, opanda dzimbiri lomwe tinalizolowera pa mapaipi achitsulo a nyumba yomwe tinkachita lendi ku Chiputula. Mchimwene wanga akumanga ku Luwinga, ndipo ndamuuza kuti akagule yomweyi, ayambe wawerenga zilembo zake asanalipire.