Sienta ya hayala yomwe tinapita nayo kwathu ku Kasungu, mmene ndinaionera ine

Anzanga angapo mwandifunsa pa WhatsApp kuti galimoto ija munationa nayo kumudzi tinaitenga kuti komanso ngati ili bho, nde ndati ndingolemba kamodzi aliyense awerenge yekha. Dzina la kampaniyo sinditchula chifukwa muli zina zomwe ndidandaule ndipo mwini wake tinakambirana kale maso ndi maso, ndingonena kuti ndi kakampani kakang'ono ka mu Lilongwe momuno, ka magalimoto ochepa, ndipo ofesi yake ndi pakhomo pomwe amakhala eni akewo.

Chikwatiranireni chaka chatha ine ndi amuna anga tinali tisanapiteko kumudzi tili awiri. Tonse ndife a ku Kasungu, ine kwathu ndi cha ku Mtunthama, iwo kwawo ndi mbali inayo, njira yopita ku paki ya zinyama ya Kasungu. Pa ukwati abale anabwera ambiri koma agogo awo sanathe, miyendo inawafooka kalekale, nde uthenga umangobwera kuti mkazi wa mdzukulu wangayo ndidzamuona liti. Titaona kuti holide ya 6 July yatipatsa masiku atatu tinati basi ulendo ndi uno. Za minibasi tinaziganizira koma tangoganizani belo la shuga, mafuta ophikira, sopo, mchere, zitenje za amayi onse awiri, bulangete la agogo, zonsezo utsike nazo pa depoti ya Kasungu kenako uyambe kunenerera a kabaza, mawa lake ubwererenso pa boma ukwere ina ya ku Mtunthama. Ayi. Tinati bola tivutike ndi ndalama kamodzi.

Anatipatsa Toyota Sienta ya silver, ya mipando 7. Pa ukhondo sindinganame, inali yotsukidwa bwino mkati ndi kunja, mopanda fungo la fodya kapena la mowa ngati zina zomwe anthu amabwereketsa. Mapepala onse anali pa galasi, COF (pepala losonyeza kuti galimoto ili bwino kuyenda pamsewu) ndi inshulansi zosatha, ma triangle awiri analimo, ndipo izi zinatithandiza chifukwa a traffic anatiimitsa kawiri, koyamba titangodutsa Lumbadzi kenako cha ku Madisi, kuonetsa laisensi, kuyang'ana pa galasi, basi yendani bwino. Anatipatsa thanki ili full n'kutiuza kuti tidzabweze ili full, ndipo ine izi ndinazikonda chifukwa nonse mukudziwa mmene mafuta amasowera, kuyamba ulendo ndi kukaima pa mzere pa filling kukanatidyera tsiku lonse. Komanso siimwa mafuta kwambiri, tinafika pa Kasungu geji itangotsika pang'ono, kuchoka Lilongwe ndi makilomita pafupifupi 130.

Pa M1 panalibe vuto. M'malo momwe msewu aukonza galimoto imangoyenda fiii, wailesi imagwira, mawindo onse amatsegula. Pa Mponela tinaima kugula tomato ndi anyezi ndi chips cha pa chiwaya, amuna anga n'kuwonjezera buledi wina poopa kuti ana akumudzi achuluka. Titawoloka Bua tinayamba kukumana ndi malole a mabelo a fodya opita ku Chinkhoma, ndipo phiri la Kasungu litangoonekera patsogolo paja ine mtima unangoti myaa, zaka zonsezi phiri limenelo likaoneka ndimadziwa kuti ndafika. Nkhomaliro tinadya pa boma kwa anzathu omwe tinaphunzira nawo limodzi, nkhuku ya lokolo ndi nkhwani wotendera, macheza anatalika moti tinanyamuka mochedwa, cha m'ma 4 koloko.

Apa mpamene pali dandaulo langa lalikulu. Pokatenga galimoto tinawauza momveka bwino kuti tikupita kumudzi, tara ikathera pa boma, kutsogoloko ndi fumbi, iwo anati palibe vuto galimotoyi yazolowera. Titayenda ngati makilomita 20 mu msewu wafumbi galimoto inayamba kukokera mbali imodzi, kutsika kuona tayala lakumanzere kutsogolo laphwa. Chabwino, panchala ndi wa aliyense, msomali susankha. Koma kutulutsa tayala la sipeya, kaja kopyapyala kolembedwa kuti osapitirira 80, kukagwira ndi chala kakungobonyoka, mulibe mpweya ngakhale pang'ono. Jeke inalipo. Sipanala yomasulira mawilo inalipo koma si ya galimoto imeneyo, imangozungulira pa naiti osagwira, zoonetseratu kuti anangoitenga m'galimoto ina n'kuponyamo kuti ziziti zilipo.

Nthawi inali itadutsa 5 koloko, ndipo mu July dzuwa silichedwa kulowa, kuzizira kunayamba. Ndipo derali anthu amaopa kuyenda usiku chifukwa cha njovu, chibweretsereni njovu 263 zija kuchokera ku Liwonde mu 2022 midzi ya m'mbali mwa paki imangokamba za minda yodyedwa ndi nkhokwe zogwetsedwa, apongozi anali atatiuziratu pa foni kuti mufike kusanade. Nde ine mantha anandigwira ndithu. Amuna anga anaimbira mwini galimoto, ndipo apa ndiwayamikire, anayankha kamodzi n'kamodzi, anapepesa, anati abwana chitani zomwe mungathe ndalama yonse mutuluke ndidzabweza. Koma munthu ali ku Lilongwe, kupepesa kwake sikungamasule naiti.

Anatipulumutsa ndi mnyamata wa kabaza wa njinga yamoto yemwe amachokera kokasiya munthu. Anaima yekha osamuimitsa, anagwada kuyang'ana tayala n'kuti achimwene kwerani, pa trading pali madala ena omata matayala, akhala asanatseke. Amuna anga anandiyang'ana, ine ndinati pitani ndikhala bwino. Atangonyamuka, amayi awiri ochokera ku dimba atasenza mitolo ya mpiru anatula katundu wawo pambali pa msewu n'kukhala nane. Sanandifunse zambiri, anangofunsa kuti mukupita kwa yani, nditatchula mudzi mmodzi anati aaa ndiye ndinu mtengwa wa agogo aja, akhala akukudikirani chiyambire dzulo, anatuma ana akagwire tambala. Misozi inalengeza. Winayo anavula chitenje chapamwamba n'kundifunditsa m'mapewa poti juzi yanga inali pansi pa katundu, ndipo anakhala pompo mpaka njinga inabwera ndi madala aja atanyamula sipanala ndi pampu ya phazi.

Madalawo ntchito amaidziwa. Anakweza galimoto, kuchotsa tayala, kulipopa, kenako analithira madzi a sopo kuchokera m'botolo la Sobo mpaka thovu linaonetsa pomwe pakutuluka mpweya, anazula msomali wopindika ndi pulayala, kukulitsa bowo pang'ono ndi kachitsulo kawo n'kulowetsamo kachingwe ka labala kaja kopaka guluu, kudula kotsala, kupopanso, zonsezi mnyamata wa kabaza akuwalitsa ndi nyali ya njinga. Anapopanso ka sipeya kaja n'kutiuza kuti kalibe bowo, kangokhala zaka osakayang'ana. Mawu amenewo ndi omwe anandiwawa kwambiri, chifukwa zikutanthauza kuti kunali kungofunika munthu mmodzi pa ofesi paja aike pampu mphindi ziwiri. Amatsuka galimoto mpaka matayala kuwala polishi, koma kuseri kwa buti sanatsegulemo. Tinafika kumudzi cha m'ma 7, mdima uli bii, mudzi wonse uli pa moto panja kutidikira.

Tsiku lachiwiri ndi lomwe linandichititsa kuti ndisanong'oneze bondo ndalama yomwe tinalipira. Agogo anali asanaonanepo ndi makolo anga, ndipo pa njinga sangakwere, nde tinati tiwatenge tipite nawo ku Mtunthama. Apa Sienta inaonetsa ubwino wake, chitseko chake ndi chotsetsereka chija ndipo ndi yotsika, moti agogo anangogwira phewa la mdzukulu wawo, phazi limodzi, linalo, akhala, osachita kunyamulidwa ngati mmene zikanakhalira pa pickup. Anavala chitenje chatsopano chomwe ndinawapatsa, duku kumutu, bulangete pa mawondo. Apongozi anakhala pambali pawo, alamu anga awiri kumbuyo kwenikweni. Njira yonse agogo amangotchula malo, apa panali esiteti ya fodya, apa tinkadzagula nsalu, pa boma anati nyumba zonsezi zamangidwa liti. Titalowa msewu wa ku Nkhotakota anayamba kukamba za nthawi yomwe Kamuzu Academy imatsegulidwa mu 1981, kuti amayi a m'mudzi mwawo anatengedwa pa lole kukavina, ine ndinakulira pafupi ndi sukulu imeneyo koma nkhani ngati imeneyi ndinali ndisanaimvepo kwa munthu woti analipo nthawiyo.

Kwathu amayi anatulukira akulululutira, anagwada pa chitseko cha galimoto pomwepo kupereka moni agogo asanatsike. Mwatiyendera agogo, mwatilemekeza. Agogo anawagwira dzanja nthawi yaitali osalisiya n'kuti mwana munandipatsayu ndamuona, tsopano mtima wakhala pansi. Bambo anapha mbuzi. Anakhala pa mkeka pansi pa mtengo wa mango mpaka dzuwa kupendeka, thobwa akumwera chipanda chimodzi ndi azakhali anga ngati anadziwana kale. Tsiku limenelo tinabwerera kusanade, phunziro tinali titalitenga.

Chinanso choti mudziwe ndi nkhani ya makilomita. Galimoto ikafika kumudzi imakhala ya aliyense ndipo sungakane, azakhali akufuna kukasiya matumba ku chigayo, mwana wa aneba akutentha thupi akufunika kuchipatala, amalume akuti tingofika apa pokha tikaone zigafa zanga. Ife timangoyenda poganiza kuti talipira masiku atatu ndiye nkhani ndi mafuta basi. Pobweza mpamene anatiuza kuti malire ndi makilomita 150 patsiku, ife tadutsa ndi 40 ndi kanthu, aliyense ali ndi mtengo wake. Anationetsa pa fomu yomwe tinasaina, zoona zinalembedwa, m'chizungu, timalemba ting'onoting'ono cha kumunsi. Sindikukana kuti timayenera kuwerenga, koma munthu amene wakuuza kuti ndikupita kuseri kwa Kasungu boma komanso ku Mtunthama, ungowerengetsa wekha ukuona kuti malirewo ali pafupi, chovuta n'chiyani kumuuza pakamwa kuti achimwene samalani apa? Ndi chimodzimodzi za sipeya zija, amakonza galimoto ngati ya munthu woti azungulira nayo mu town, pomwe amene timabwereka pa holide ambirife tikupita kumudzi.

Pobwerera tinadzaza. Thumba la chimanga la 50 kg, mtedza wosaswa, mbatata, maungu, nzimbe, ufa woyera wa amayi mu ndowa, ndi nkhuku ziwiri zomwe agogo anakana kuti tisiye. Titapinda mipando yakumbuyo zonse zinalowa bwinobwino, malo ndiye ilinawo. Koma kutsika kuja komwe kunathandiza agogo kunasanduka vuto, mu msewu wafumbi pansi pamakhula pena paliponse pomwe ngolo zinakumba, amuna anga amachita kuyenda mopingasa pang'onopang'ono, ngakhale pa ma hump a pa Madisi ndi Mponela timamva kuti khwee. Ngati kwanu kuli msewu woipa kuposa wathuwu, kapena mukupita nthawi ya mvula, Sienta musatenge, funsani yokwera.

Pa dipoziti anadulapo ya makilomita aja ndi ya kutsuka. Ya kutsuka sindinatsutse, nkhuku zinachita zake pa kapeti ngakhale tinayala katoni. Ndalama ya madala omata tayala ndi ya kabaza anabwezadi yonse osafunsa lisiti, anangokhulupirira mawu athu, ndipo nditawaonetsa sipanala ija anagwira mutu n'kumuitana mnyamata wawo pompo ife tikuona. Koma yotsala ya dipoziti ija anati tikutumizirani madzulo ano pa Airtel Money, inalowa patatha masiku 4, titaimba katatu. Kwa ena mwina ndi zazing'ono, kwa ife omwe tinali titangochokera kumudzi matumba ali pululu, masiku amenewo tinawamva.

Pa 5 ndikuwapatsa 3. Injini, ukhondo, mapepala ndi kuyankha foni, palibe chonena. Amuna anga akuti 4 chifukwa cha mmene mwiniwake anapepesera, ine ndakana, iwo sanakhale pa msewu paja kukuda atafunda chitenje cha munthu wosamudziwa. Mu December tikupitanso, agogo atumiza kale uthenga kudzera kwa alamu kuti nthawi ino akufuna akafike kutchalitchi pa Khirisimasi pa galimoto. Tawauza a kampaniyo kuti atisungire yokwera, avomera, ndipo ndawauziratu kuti tsiku lokatenga ndidzatsegula ndekha buti, sipeya adzapope ine ndikuona, sipanala tidzaiyese pa naiti, ndipo za makilomita tidzagwirizane tisanasaine.