Counter-Strike, Team Fortress 2 kapena Battlefield 4: ndi iti ikadali ndi anthu ukakhala ku Zomba?

Mphwanga yemwe amakhala ku Matawale wagula laputopu yakaunjika mwezi wathawu. Atabwera nayo kwathu ku Chinamwali kuti ndimuikire mapulogalamu, sanachedwe kufunsa: "Achimwene, magemu owomberana munkasewera muli ku Chanco aja akadali ndi anthu? Ndisathe bandulo yonse kenako ndikapeze m'bwalo muli zii." Tsiku limenelo ndinamuyankha mwachidule, koma funsoli ndalimva kwa anthu ambiri, ndiye ndati ndilembe bwinobwino zimene ndaona pa magemu anayi omwe ndakhala nawo nthawi yaitali: Counter-Strike 2, Counter-Strike 1.6, Team Fortress 2 ndi Battlefield 4.

Pali chinthu chimodzi chimene chimasocheretsa ambiri. Munthu akafuna kudziwa ngati gemu ili moyo amatsegula SteamDB kapena Steam Charts, mawebusaiti owerengera osewera a pa Steam, sitolo ya magemu ya pa intaneti, n'kuona chiwerengero cha amene akusewera pa nthawiyo. Chiwerengerocho ndi cha dziko lonse lapansi. Khamu lomwe lili ku Moscow, ku São Paulo ndi ku Texas silingakupindulireni kanthu inu muli m'munsi mwa phiri la Zomba. Mukadina mausi kuti muwombere, uthenga umachoka pa kompyuta yanu, kukafika pa seva, kompyuta yomwe imalumikiza osewera onse, n'kubwerera, ndipo nthawi ya ulendo umenewo ndi imene timati ping. Seva ikakhala ku Johannesburg, ping yanga kawirikawiri imakhala pansi pa 100 ndipo gemu imayenda. Ikakhala ku Ulaya, uthenga umayamba watsikira kunyanja, kukadutsa m'zingwe za pansi pa madzi, ping n'kukwera kupitirira 150. Zikatero umamuona mdani, umawombera, koma wogwa ndi iwe, chifukwa iye anakuona kalekale. Ndiye kwa ife funso n'lakuti: pa maseva apafupi, madzulo amene kuli magetsi ndi netiweki, pamapezeka anthu?

Pa funso limeneli Counter-Strike 2 ilibe inzake. Wina anena kuti si gemu yakale poti inatuluka pa 27 Sepitembala 2023, koma inangolowa m'malo mwa Counter-Strike: Global Offensive ya mu 2012, ndipo mizu yake ili mu 1999, pamene Minh Le ndi Jess Cliffe anaipanga ngati chowonjezera pa gemu ya Half-Life. Mabwalo ake ndi omwe aja, Dust II, Inferno, Nuke. Tsiku ndi tsiku osewera nthawi imodzi amapitirira 1 miliyoni, ndipo chachikulu kwa ife n'chakuti Valve, kampani yomwe ndi mwini wa gemuyi ndi Steam, ili ndi maseva ku Johannesburg. Wotchi yathu ndi ya ku South Africa zimayendera limodzi, choncho iwo akaweruka nafenso taweruka. Kuyambira cha m'ma 7 koloko madzulo mpaka pakati pa usiku simudikira nthawi yaitali. Mukalowa m'mawa wa pakati pa sabata, khalani ndi mtima wodekha.

Vuto lake ndi kulemera. Steam imanena kuti pamafunika RAM ya 8 GB ndi malo okwana 85 GB, kuphatikizapo khadi ya zithunzi yabwinoko. Laputopu ya mphwangayo, ya 4 GB, inagwa pomwepo. Ndipo ngakhale gemuyi ndi yaulere kuyambira Disembala 2018, amene sanalipire Prime, yomwe imakusewezani ndi anzanu olipira okhaokha, amakumana kwambiri ndi anthu obera. Chinanso chimene anzathu akunja sachiganizira ndi magetsi. Tsiku lina tikutsogola 11 kwa 9, kutsala magawo awiri kuti tifike pa 13, magetsi anangoti thii. Laputopu inapitiriza ndi batire, koma rauta inazima. Gemu imakupatsa mphindi zochepa kuti ubwerere, ndipo pamene ndinkafufuza foni mumdima kuti ndiyatse hotspot, nthawi inali itatha. Ndinaletsedwa kusewera za mpikisano kwa mphindi 30, anzanga anayi aja n'kutsala opereŵera. Zinandiwawa chifukwa cha iwo kuposa chifukwa cha ine. Chiyambire pamenepo sindiyamba gemu ya mpikisano foni isanadzaze moto, ndipo ndimasewera pa hotspot kuyambira pachiyambi.

Tsopano Counter-Strike 1.6, ya mu 2003. Iyi ndi imene ndikufuna tikhalepo pang'ono, chifukwa anthu amaiweruza molakwika mbali zonse ziwiri. Ena amati inafa. Sinafe: pa Steam pokha anthu masauzande angapo amakhala akusewera nthawi iliyonse, ndipo mndandanda wa maseva ndi wautali wosatha. Ena akaona mndandandawo amati ili bwino kwambiri. Apanso ayi. Maseva ambiri ali kum'mawa kwa Ulaya, ku Russia, ku Turkey ndi ku South America, kutali ndi ife konse. Ambirinso amanama. Seva imalemba kuti muli anthu 31 mwa 32, ukalowa n'kupeza ndi zidole za kompyuta zokhazokha, kapena imakukankhira ku seva ina yomwe sunaisankhe. Mu 2019 kampani ya Doctor Web inapeza kuti pafupifupi maseva 39 pa 100 aliwonse a gemuyi anali misampha yofalitsa kachilombo ka pa kompyuta kotchedwa Belonard. N'chifukwa chake ndimati gulani kope yeniyeni pa Steam, ndi yotsika mtengo, m'malo motenga zoyenda pa flashi zomwe simukudziwa amene anazikonza. Ndipo musamangolowa seva iliyonse yooneka yodzaza.

Koma 1.6 ili ndi mphamvu imene enawa alibe mofanana nayo: siifuna intaneti kuti musewere ndi anthu. Yonse siikwana ndi 1 GB yomwe, ndipo imayenda pa laputopu imene yatopa ndi zaka. Mmodzi amadina New Game, ena amatsegula Find Servers, kupita pa LAN, pomwe pamaoneka makompyuta olumikizidwa pa rauta imodzi, basi mwakumana. Rauta yopanda bandulo imakwanira, ngakhale hotspot ya foni.

Ndimakumbukira chipinda china ku Chikanda, nthawi ya mvula, Likangala atadzaza. Tinalimo anthu asanu ndi mmodzi, malaputopu awiri pa tebulo lowerengera, ena pamiyendo titakhala pa bedi, wina ataika yake pa ndowa yovundikira. Mausi ankayenda pa chikuto cha kope la notsi. Rauta tinailumikiza ku pawabanki, moti magetsi atazima palibe anadzuka, chipinda chinangowala ndi masikirini. Ukadina Tab, ping imaonetsa 5, ina 8. Wina akabisala kuseri kwa mabokosi a pa malo otchedwa A m'bwalo la de_dust2, mnzake amakuwa ali pambali pako pomwepo, "Aise, ali pa Long awiri, bwera!" Sitinkafunsa kuti gemuyi ili ndi anthu angati padziko lapansi. Anthu ake tinali ifeyo, ndipo amene waluza ndiye amakagula chiwaya. Ping yoteroyo palibe seva ya ku Johannesburg ingakupatseni, ndipo palibe kampani ingabwere kudzazimitsa seva yomwe ili pamiyendo panu.

Team Fortress 2 ndi ina imene chiwerengero chake chimafuna kuchiwerenga mosamala. Inatuluka mu Okutobala 2007, inakhala yaulere mu Juni 2011, ndipo mpaka lero imaoneka pakati pa magemu oseweredwa kwambiri pa Steam. Kungoti mbali ina ya chiwerengerocho ndi maakaunti ongoyatsidwa kuti azitolera zinthu za mu gemu zokagulitsa, palibe munthu kuseri kwake. Kuyambira cha mu 2020 maseva a Valve anadzadzanso ndi maboti obera, zidole za kompyuta, aja a Sniper ozungulira ngati nguli n'kumawombera m'mutu aliyense wotuluka pakhomo. Osewera anadandaula pansi pa #SaveTF2 mu 2022 ndi #FixTF2 mu 2024, ndipo pakati pa 2024 Valve inachotsa maboti ochuluka zedi. Kuyambira pamenepo gemu inabwerera m'chimake, ndipo mu Febuluwale 2025 Valve inatulutsa khodi yake kuti anthu azipanga zawozawo. Gemu imene eni ake aipereka m'manja mwa osewera motero siifa msanga.

Ine ndimaikonda chifukwa cha mtima wake. Ili ndi magulu 9 a asilikali, ndipo si onse amafuna dzanja lachangu. Apa ndi pamene imatikomera ife a ping yokwera. Ukatenga Medic, ntchito yako ndi kuchiritsa anzako. Ukatenga Engineer, umamanga mfuti yowombera adani yokha n'kumaisamala. Pa ping ya 180 Sniper ndi Scout amakhala ovuta, koma Medic wabwino amathandiza timu yake ngakhale ali ku Sadzi seva ili ku Ulaya. Komanso gemu wamba mukhoza kuisiya pakati popanda chilango, ndiye magetsi akazima mwangotaya chisangalalo chokha. Chovuta n'chakuti bwalo limodzi limafuna anthu 24, ndipo kumwera kwa Africa kuno osewera ndi ochepa, moti nthawi zambiri mudzapezeka muli ndi azungu a ku Ulaya. Mwayi wake, miyezi yawo yotentha wotchi ya ku Germany ndi France imafanana ndi yathu, ndipo miyezi yozizira amatsalira ndi ola limodzi lokha. Dziwaninso kuti mu 2020, polimbana ndi maboti aja, Valve inaletsa maakaunti aulere kulemba kapena kulankhula pa maseva ake.

Battlefield 4, ya mu Okutobala 2013, ndi yokongola kuposa zonsezi ikadzaza. Anthu 64 pa bwalo limodzi, akasinja, ndege, nsanja ya mu Siege of Shanghai ikugwa fumbi lili koboo. Pa kompyuta ikadali ndi osewera okhulupirika, makamaka pa Operation Locker ndi Golmud Railway. Koma sindingalangize munthu wa ku Zomba kuti aikepo ndalama zake lero. Ndi yogula, imapitirira 30 GB musanawonjeze mabwalo ena, ndipo ilibe LAN ngakhale zidole zoti muzimenyana nazo m'mabwalowo popanda intaneti. Anthu 64 ndi ambiri kuti apezeke pafupi, ndiye maseva odzazadi amakhala ku Ulaya ndi ku America, ndipo ena amakweza chiwerengero mwachinyengo kuti akope anthu. Choopsa kwambiri n'chakuti moyo wake uli m'manja mwa eni ake. Eni akewo, kampani ya EA, inatseka za pa intaneti za Battlefield 1943 ndi Bad Company 1 ndi 2 mu Disembala 2023, kenako pa 7 Novembala 2024 inazimitsa maseva a Battlefield 3, 4 ndi Hardline pa PlayStation 3 ndi Xbox 360. Amene muli ndi PS3 kunyumba, kapena mumaiona m'mashopu a magemu mumsika, musagule disiki ya Battlefield 4 poganiza kuti mukasewera ndi anthu. Mudzangotsala ndi gawo losewera munthu yekha. Ndipo poti Battlefield 6 inatuluka mu Okutobala 2025, maso a kampani ali kumeneko.

N'zoona kuti osewera nthawi zina amaukitsa gemu yotsekedwa. GameSpy, yomwe inkalumikiza osewera ku maseva, itatsekedwa mu 2014, okonda Battlefield 2 anapanga njira zawo monga BF2Hub ndipo akusewerabe. Koma zimenezo zimatheka bwino pa gemu imene munthu wamba angayatse seva yake, ndipo Battlefield 4 sinamangidwe motero.

Za pafoni ndingodutsapo, chifukwa ambiri mukuzidziwa kuposa ine. Free Fire ya 2017, PUBG Mobile ya 2018 ndi Call of Duty: Mobile ya 2019 zonse zili ndi anthu, ndipo kuno kwathu ndi kumene kuli khamu lenileni, poti foni ili m'thumba la aliyense. Ingodziwani kuti mukangoyamba kumene, ambiri mwa adani omwe mukuwapha mosavutawo ndi zidole. Nazonso zili m'manja mwa eni ake: Apex Legends Mobile inatsekedwa mu Meyi 2023 itangotha pafupifupi chaka chimodzi.

Pa nkhani ya bandulo, kusewera pakokha sikudya kwambiri. Chimene chimamaliza ndalama ndi kudawuniloda koyamba ndi ma update. Ngati mnzanu ali kale ndi gemuyo pa Steam, koperani mafayilo ake pa hadi disiki, kapena lumikizani makompyuta awiriwo pa rauta imodzi Steam isamutse yokha, inu mungodawuniloda zotsala zochepa. Counter-Strike 2 imalandira ma update pafupipafupi, choncho muzimitse zoti izidzikonza yokha nthawi iliyonse. Team Fortress 2 imalandira mwa apo ndi apo. Ya 1.6 mukhoza kutha miyezi osaona kanthu.

Amene muli ndi kompyuta yamphamvu ndi netiweki yodalirika, tengani Counter-Strike 2, musataye nthawi, anthu mudzawapeza madzulo aliwonse. Amene makina anu ndi apakatikati ndipo mukufuna kuseka kuposa kupikisana, Team Fortress 2 ikusungani, bola muvomere kukhala Medic masiku ena. Battlefield 4 ndimaisiyira amene anaigula kale.

Mphwangayo ndinamuikira 1.6. Poyamba anakwinya nkhope ataona zithunzi zake, akuti anthuwo akuoneka ngati osema pa mtengo. Ndinamuuza kuti asatsegule mndandanda wa maseva akunja, m'malo mwake afunse anzake a m'kalasi kuti ndani ali ndi laputopu. Pofika Lachinayi anali atapeza anayi, awiri a ku Mpondabwino, mmodzi wa ku Ndola, wina woyandikana naye nyumba. Loweruka lino akubwera onse kwathu cha m'ma 2 koloko. Rauta ndaikonza, pawabanki ili pamoto, ndipo ndamuuza kuti aliyense abwere ndi mausi yake chifukwa ine ndili ndi awiri okha.