Lole ya asilikali pa okushoni ya ku UK: werengani musanatumize ndalama

Abale anga akumudzi, lekani kunditumizira zithunzi za malole obiriwira a pa Facebook aja n'kumati "achimwene tigulireni, ndi otchipa". Mtengo mukuwuonawo ndi wa pamene nyundo yagunda basi. Ine ndinagula imodzi kuno ku England, ndiye mumve kumene ndalama zimathera.

Inali Leyland DAF ya 4x4 yonyamula matani 4, mtundu umene asilikali a Britain anayamba kuyendera cha m'ma 1990 asanasinthire ku malole a kampani ya MAN. Injini yake ndi Cummins ya malita 5.9, ndipo chilungamo chake ndi galimoto yolimba, matope a kwathu siingawaope. Nyundo inagunda pa £5,500. Pepala lolipirira litabwera linali £7,260. Eni okushoni anaikapo 10 peresenti yawo, kenako VAT ya 20 peresenti pamwamba pa zonsezo, ndi ndalama yawoyo yomwe. Zinalembedwadi, koma m'tizilembo tating'ono kumapeto kwenikweni.

Loleyo ilibe nambala ya pamsewu, ilibe bulubuku. Amakupatsa kapepala ka unduna wa chitetezo kosonyeza kuti yatulutsidwa m'manja mwa asilikali, basi. Sungaiyendetse kutuluka pageti, ndipo laisensi ya galimoto yaing'ono siikwana. Kuinyamula pa lole ina kunadya £900.

Chimene chinandipweteka kwambiri ndi ichi. Galimoto yopangidwira asilikali siituluka mu UK popanda chilolezo cha boma, chochokera ku ofesi yotchedwa Export Control Joint Unit. Amafuna kudziwa ikupita kwa yani ndipo ikukagwira ntchito yanji, wolandira kumudziko asaine kalata. Lamulo limeneli ndilibe nalo vuto. Vuto ndi dobadoba amene anandiuza m'maso muli gwa kuti "mapepala onse ndisiyireni, bwana, mwezi sutha ili pamadzi". Ndi munthu wolankhula chinenero chathu, wopemphera bwino. Anatenga £600. Fomu sanatumize n'komwe. Foni inayamba kungoitana, kenako nambala inazima. Nthawi yonseyo lole ili pa yadi ya eni ake, £25 tsiku lililonse, Lamulungu lomwe. Ya yadi yokha inadutsa £1,500. Ndipo VAT ija amabweza ukaonetsa umboni woti katundu watuluka m'dziko pasanathe miyezi itatu. Miyezi inathera kudikira munthu ameneyu, £1,210 inapita choncho.

Amene anandiwombola ndi mayi wina wa ku kampani yotumiza katundu pa sitima. Funso lake loyamba linali lakuti chilolezo chili kuti, ndipo anakana kulandira ngakhale paundi imodzi chisanatuluke. Anandiuza kuti sitima imalipiritsa kukula kwa galimoto, ndiye ndimasule tenti ndi zitsulo zake n'kuzigoneka kumbuyo kuti lole ifupike. Zimenezi zokha zinachotsa pafupifupi £700. Anachenjezanso kuti ikakana kulira padoko pali chindapusa. Magetsi a loleyi ndi a 24 volts, mabatire awiri, onse anali atafa. Mtengo umene mayiyu analemba ndi umene ndinalipira, £4,000 kuchokera ku Southampton kukafika ku Dar es Salaam.

Musanyengedwe ndi makilomita ochepa a pa mita. Malole amenewa amakhalitsa ataima. Matayala amaoneka atsopano, mano onse alipo, koma ukagwada n'kuyang'ana m'mbali umaona ming'alu yopyapyala ngati pa chidendene m'chilimwe. Werengani chaka chimene chinadindidwa pa tayalapo. Mapaipi a mabuleki ndi timalabala ta m'injini nato timakhala titauma. Onaninso mbali ya chiwongolero, chifukwa ena ankagwira ntchito ku Germany ndipo chili kumanzere.

Tsono ikafika ku Dar ulendo sunathe. Pali za padoko, wochotsa katundu, dalaivala, dizilo wodutsa ku Mbeya mpaka pa Songwe, pa galimoto yoyenda pang'onopang'ono ndi mawilo onse anayi akukoka. Kenako MRA, imene imawerengera msonkho kuphatikizapo ndalama ya sitima ndi inshuwalansi. Mtundu wobiriwirawo muusinthe isanakwere sitima, apo ayi mudzatopa kufotokoza pa rodibuloko iliyonse. Lole isanaponde dothi la Malawi ndinali nditadutsa £15,000, msonkho usanalowe.

Inu amene mukulota zoti ikamanyamula fodya ndi chimanga ibweza ndalama m'chaka chimodzi, pitani kaye kwa ogulitsa masipeya ku Lilongwe kapena ku Limbe mukafunse giyabokosi ya DAF ya asilikali, mumve yankho lake. Ngati munda wanu uli kumene lole wamba siifika ndipo muli ndi ndalama yokwana mtengo wa nyundo katatu, gulani, koma chilolezo chiyambe. Ngati ndalamayo ndi ya ngongole ya banki m'khonde, musandiimbire.