Mbande za maluwa zimene ndinagula kunazale ya m'mbali mwa msewu: mmene zachitira dzinja lonse

Ndinachita dala kudikira kuti mvula idule kaye ndisanalembe ndemangayi. Duwa lililonse limaoneka bwino likadali m'chubu kunazale, koma chimene ine ndinkafuna kuona ndi mmene lipiririre mvula ya Januwale ndi Febuluwale. Pano tili kumapeto kwa Epulo, ndiye ndili nazo zonena.

Ndinagula kumayambiriro kwa Disembala, nthaka itanyowa, kwa mayi ena amene ali ndi nazale m'mbali mwa msewu kufupi ndi mtsinje wa Lingadzi. Ife timakhala ku Area 25. Pakhomo pali bedi lalitali lotsatira mpanda wa njerwa, kabedi kena pageti, miphika 6 pakhonde ndi matayala awiri akale openta laimu. Dothi lathu ndi katondo uja wofiira, womata ku khasu mvula ikagwa.

Chimene chinandikopa mtima n'chakuti mayiwo sanathamangire kundigulitsa. Anayamba ndi mafunso: dzuwa limafika nthawi yanji pabedipo, madzi amadikha kapena amatsetsereka, nkhuku zilipo? Ine maso anga anali pa petunia wofiirira amene anali atachita maluwa thoo. Iwo anapukusa mutu. "Asisi, ameneyo ndi wa nthawi yozizira, mudzabwere mu Meyi. Mvula yathuyi imamusasantha." Sindinamve. Ndinatenga mbande 10, ndipo pofika pakati pa Januwale maluwa ake anali atalowa madzi, akumata ngati pepala lonyowa, ena ataola m'tsinde. Apulumuka atatu okha amene ndinawaika mumphika pansi pa denga la khonde. Apa wolakwa si mayi aja, anandichenjeza.

Zimene anandisankhira okha ndiye zandisangalatsa. Marigold 30 ndinawandandalika m'mphepete mwa bedi lalitali, motalikirana chikhato chimodzi ndi theka. Ameneyu sadziwa kufooka. Kugwe mvula sabata yathunthu, iye ali mbuu chikasu, ndipo ukamathothola maluwa ofota amaphukira ena ambiri. Ochepa ndinawabzala pakati pa tomato kuseri kwa nyumba, chifukwa mizu ya marigold imachepetsa tizilombo ta m'nthaka tija timatupitsa mizu ya tomato.

Zinnia ndiye nkhani ina. Mayiwo anandiletsa kugula mbande zake, anandipatsa njere m'kapepala nati ndifese pabedi pomwepo, popeza sakonda kuzulidwa. Taganizani, wogulitsa kukana ndalama yambiri n'kukupatsa chotchipa! Njerezo zinamera sabata isanathe, ndipo kumayambiriro kwa Febuluwale zinali zitafika m'mawondo, maluwa ofiira, apinki, alalanje. M'mawa uliwonse ndikamasesa ndimapeza agulugufe atadzazana pamenepo, mwana wanga wamng'ono n'kumawawerenga asanapite kusukulu. Zinnia ndi marigold onse kwawo ndi ku Mexico, ndipo kutentha ndi dzuwa la kuno amazikonda. Vuto lake zinnia mu Malichi masamba am'munsi anayamba kutuwa ngati wathira ufa. Ndinafesa mothithikana kwambiri, mphepo siinkadutsa. Nditapatulira zinachepa, koma sizinatheretu.

M'matayala ndinaikamo portulaca, uja ena amangoti duwa la teni koloko chifukwa amatsegula dzuwa likakwera. Kukachita mitambo tsiku lonse amakhala chotseka, choncho m'masiku a mvula yamvumbi sanaoneke kwenikweni, koma pano dzuwa labwerera matayala onse abisika. M'miphika muli vinca. Mayiwo anandiuza kuti ndisakanize dothi ndi mchenga wa kumtsinje komanso manyowa owolerana, ndiboole pansi pa mphika, ndiikemo timiyala. Mphika umodzi ndinaiwala kuuboola, vinca wake anachita chikasu n'kufa m'masabata awiri. Enawo ali bwinobwino mpaka lero.

Tsopano zodandaula, chifukwa zilipo. Choyamba, dothi la m'machubu linabwera ndi dawe. Poyamba ndinkaona ngati timaudzu wamba, koma aliyense amene analimapo akudziwa kuti dawe ukazula pamwamba timbatata take timatsala pansi. Kabedi ka pageti, kamene kanalibe udzu umenewu, pano ndimakapalira sabata iliyonse. Zimenezi zandiwawa kwambiri, chifukwa ndi ntchito imene ndidzakhala nayo zaka. Mukagula, yang'anitsitsani m'chubu, ndipo mukaona kaudzu kosongoka konyezimira, kachotseni ndi muzu womwe musanabzale.

Chachiwiri, mitundu. Ndinapempha salvia wofiira yekhayekha 12 woika pageti, koma atachita maluwa anayi anatuluka oyera. Machubu alibe zolemba, mayiwo amangodalira kukumbukira. Nditabwerera kukawauza sanakangane nane, anapepesa n'kundipatsa mbande zina zinayi ulere. Komanso mbande zingapo zinali zitakhalitsa, mizu itazungulira m'chubu mpaka kutulukira pansi, ndipo zimenezo zinachedwa kugwira. Sankhani zazifupi, zonenepa tsinde, zimene sizinayambe maluwa, ngakhale sizikopa maso.

Mtengo wake si woboola m'thumba, ndipo ukagula zambiri amakuikira basera. Mnyamata wawo anandithandiza kulongedza m'makatoni kuti zisathyoke m'galimoto. Pa nyenyezi 5 ndikuwapatsa 4, imodziyo yapita ndi dawe.

Njere za zinnia ndi marigold ndayamba kale kuumitsa pa lichero, ndisunga mu envelopu kudikira Disembala. Sabata yoyamba ya Meyi ndikubwerera kwa mayi aja kukatenga petunia, ulendo uno pa nthawi yake, ndipo dothi la m'miphika ndasefa kale langa.