Zomba kapena Chambe: ulendo wozungulira wa tsiku limodzi m'phiri

Munthu amene ali ndi tsiku limodzi lokha, ndipo akufuna kuyenda m'phiri mozungulira kuti akatulukire pomwe anayambira popanda kubwerera njira yomweyo, ali ndi malo awiri odziwika m'chigawo cha kummwera: pamwamba pa phiri la Zomba, ndi njira za ku Chambe pa phiri la Mulanje. Malo onsewa amafikika m'mawa womwewo kuchokera ku Blantyre, koma amasiyana pa chinthu chimodzi chachikulu: ku Zomba chitunda imakwera ndi galimoto, pomwe ku Mulanje imakwera ndi miyendo.

Ku Zomba msewu wa tala umafika mpaka pa hotela ya Ku Chawe, kotero ulendo wapansi umayamba munthu ali kale pamwamba. Njira imene ambiri amatsata imadzera pa damu la Mulunguzi, lomwe limamwetsa mzinda wa Zomba, n'kutsata mtsinje mpaka pa mathithi a Williams, kenako n'kukhotera ku damu laling'ono la Chagwa, isanafike m'mphepete mwa phompho pa Queen's View ndi Emperor's View. Malo a Emperor's View anatenga dzina kwa Mfumu Haile Selassie ya ku Ethiopia, imene inaima pamenepo mu 1965, ndipo kunja kukayera maso amafika pa nyanja ya Chilwa ngakhalenso pa phiri la Mulanje. Woyenda mosathamanga amazungulira zonsezi m'maola 5 kapena 6. Dzenje la Chingwe, limene mbiri imati kale ankaponyamo anthu, lili mbali ina ya phiri yoyang'ana ku chigwa cha Shire, ndipo kuliwonjezera pa ulendo womwewo kumatalikitsa tsiku kwambiri.

Wokonda mitengo ya paini apeza zambiri kuno kusiyana ndi ku Mulanje. Njira imalowa m'nkhalango momwe masamba ouma aunjikana pansi, phazi limaponda pofewa, ndipo fungo la utomoni limamveka ponseponse. Komabe tisaiwale kuti painiyu ndi mbewu, anabzalidwa kuti adzachekedwe matabwa. Pomwe panali mthunzi chaka chatha mutha kupezapo zitsa zokhazokha, kaya chifukwa cha ocheka matabwa kaya moto wolusa wa m'chilimwe. Vuto lina ndi lakuti timisewu ta m'nkhalangoyi ndi tambiri ndipo timafanana, moti kusochera ku Zomba n'kosavuta ngakhale kuti malo ake saoneka oopsa. Anyamata otsogolera alendo amapezeka pafupi ndi hotela, pomwenso pamakhala ogulitsa sitiroberi ndi mabulosi, ndipo ndi bwino kumvana nawo mtengo ulendo usanayambe.

Ku Mulanje nkhani ndi ina. Ulendo umayambira pa ofesi ya zankhalango ku Likhubula, m'tsinde mwa phiri, ndipo kuti munthu afike pa chidikha cha Chambe ayenera kukwera mamita pafupifupi 1,000 ndi miyendo yake. Njira ndi ziwiri, ndipo ndi zimene zimapanga mzunguliro: Skyline, yomwe inatenga dzina ku chingwe chimene kale chinkatsitsa matabwa kuchokera pamwamba, ndi Chapaluka, yomwe imatsata madzi ndipo ili ndi mthunzi wochulukirapo. Nzeru yabwino ndi kukwera pa Skyline m'mamawa dzuwa lisanatenthe, popeza ndi yachikweza choopsa ndipo m'malo ambiri ndi yapoyera, n'kutsikira ku Chapaluka kuti ulendo uthere pa Dziwe la Nkhalamba, pomwe munthu amaziziritsa mapazi. Dziweli ndi lakuya ndipo madzi ake ndi ozizira zedi. Wosadziwa kusambira akhale m'mbali. Kukwera kumatenga maola 3 mpaka 4, ndipo kutsika sikufupika kwenikweni chifukwa mawondo amakhala atatopa.

Malipiro a khama limeneli amaoneka munthu akangotulukira pa mpata wa pamwamba. Nsonga ya Chambe, yopitirira mamita 2,500, imaima pafupi kwambiri, thanthwe lokhalokha, ndipo ku Zomba kulibe chofanana nacho. Koma paini amene kale anadzaza chidikhachi ambiri anadulidwa dala, chifukwa mtunduwu, wochokera ku Mexico, unkafalikira wokha n'kumapondereza zomera zachilengedwe. Mtengo weniweni wa phirili ndi mkungudza, umene unalengezedwa kukhala mtengo wa fuko mu 1984, ndipo nawonso unatsala pang'ono kutha ndi odula mozemba. Lero woyenda amaona kwambiri mbande zobzalidwa kumene. Choncho wopita ku Chambe ayembekezere udzu, miyala ndi mphepo, osati nkhalango yowirira.

Nyengo imalanga mosiyana. Chiperoni cha pakati pa Meyi ndi Ogasiti chikagwa ku Zomba, munthu amangotaya mwayi woona patali n'kubwerera ku galimoto atanyowa. Chikagwa ku Chambe, nkhungu imabisa njira, matanthwe amaterera, ndipo kuzizira kumalowa m'mafupa pamalo pomwe thandizo lili kutali. M'nyengo ya dzinja mitsinje ya ku Mulanje imadzaza mwadzidzidzi, kotero kuyenda popanda wotsogolera wa ku Likhubula ndi kuika moyo pachiswe.

Kuona kwanga n'kwakuti tsiku limodzi limakwanira bwino ku Zomba, makamaka kwa banja, gulu la kutchalitchi kapena la kuntchito momwe anthu ali ndi mphamvu zosiyana. Amene akuona kuti n'kophweka kwambiri asiye galimoto m'tauni, akwere wapansi pa Potato Path, njira yochokera m'tauni ya Zomba kukafika pamwamba pa phiri, ndipo thukuta alipeza. Mzunguliro wa Chambe umatheka pa tsiku limodzi kwa ozolowera mapiri, malinga anyamuke pa Likhubula isanakwane 7 koloko ndi kuyamba kutsika pofika 1 koloko masana, chifukwa m'miyezi yozizira mdima umagwa isanakwane 6 koloko. Wokhala ndi mpata wogona, ndi bwino atenge kamba ndi chofunda akagone m'nyumba ya alendo ya ku Chambe, adzatsike mawa lake.