Kashopu ka mafilimu kuseri kwa msika ndi benchi limene limandichedwetsa kunyumba

Fulashi yanga ya 32GB yakhala ikupita ndi kubwera ku kashopu kena kuseri kwa msika waukulu wa Zomba kuyambira mwezi wa Meyi, mpaka mayi a kunyumba anafika pondifunsa ngati kumeneko ndapezako mitala. Dzina la shopuyo sindilemba, chifukwa pali zina zimene ndidandaule ndipo mnyamata wake ndi munthu wabwino. Oyenda mbali imeneyo muizindikira: chitseko cha buluu, sipika imodzi panja, ndi benchi la matabwa lotsamira khoma.

Ntchito yake ndi yomwe mukuidziwa. Ukafika ndi fulashi kapena memole khadi, umatchula chimene ukufuna, iye n'kukuikira kuchokera pa kompyuta. Ine amandilipiritsa K500 pa filimu imodzi ndi K1,500 pa sizoni yathunthu, ndipo ukakhala kasitomala wa nthawi zonse amakuponyerapo ina ya basela. Ukawerengera bandulo imene ungathere kuti udzikokere wekha pa intaneti, mtengowo ndi wa mnzako. Zoti eni mafilimu ku America sakulandirapo kanthu tonse tikudziwa, tingozisiya pamenepo.

Amene anandikokera kumeneku ndi mwana wanga wa Fomu 2, yemwe anamva za Star Wars kwa anzake. Ine ndinakulira mavidiyo shoo a ku Chinamwali, komwe filimu yopanda karati tinkaiona ngati kutaya ndalama, choncho zinthu za malupanga owala ndinkaziyesa za ana. Nditafika ndinangoti, “Achimwene, ndiikireni Star Wars, kuyambira yoyamba.” Iye anandiyang'ana ngati ndafunsa mankhwala popanda chikalata cha dokotala. Anati yoyamba ziripo ziwiri: imene inayamba kutuluka mu 1977, ndi imene imatchedwa Episode I koma inatuluka mu 1999. Anandiletsa kuyambira ya 1999 chifukwa ndikanaononga chinsinsi chachikulu cha filimu ya 1980, ndipo anandikonzera mafoda okhala ndi manambala kuti mwana asasokoneze. Pamenepa ndiye pamene amaposera anzake. Mashopu ena amangokutsanulira mafayilo ngati akuthira chimanga m'thumba, maina osamveka, episodi 7 ili patsogolo pa episodi 2.

Koma fulashi ija itabwera kachiwiri inabwera ndi alendo. Mafoda onse anasanduka ma shortcut, ndipo malipoti anga a kuntchito amene ndinaiwala kuchotsamo anabisika. Anandibwezeretsera mawa lake osalipiritsa, anapepesanso kwambiri, koma kompyuta imene imalandira mafulashi makumi angapo pa tsiku imafunika antivirus yamoyo, ndipo yake inali itagona kalekale. Pitani ndi fulashi yopanda chilichonse chofunika.

Magetsi akathima ntchito imaima, chifukwa jenereta alibe. Tsiku loyamba zinandikwiyitsa. Kenako ndinazindikira kuti anthu okhala pa benchi paja sakudikira mafayilo okha, ndipo ena sanabwere n'komwe ndi fulashi.

Mkangano woyamba umene ndinaupeza unali wa Han Solo, mmodzi wa ngwazi za mu Star Wars. Mu filimu ya 1977 muli malo pamene Han wakhala m'bala, ndipo Greedo, wosaka anthu pofuna malipiro, wamuloza ndi mfuti chifukwa cha ngongole imene Han anali nayo kwa Jabba, bwana wa zigawenga. Momwe inatulukira poyamba, Han anasolola mfuti pansi pa tebulo n'kumuombera Greedo asanaombere n'kamodzi komwe. Mu 1997 George Lucas, amene anapanga filimuyo, anakonzanso malowo kuti Greedo ayambe ndiye kuombera, n'kuphonya munthu amene wakhala naye tebulo limodzi. Mu 2004 anakonzanso kuti mfuti zilire pafupifupi nthawi imodzi. Magetsi atayaka, mnyamata wa shopu anatsegula fayilo pa VLC n'kumadina E, chithunzi chimodzichimodzi, anthu asanu ndi mmodzi titaunjikana kumbuyo kwake, kuti tione mutu wa Han ukugwedezeka mwachilendo pozemba chipolopolo. Wakabaza wina anaseka mpaka kutsokomola, amvekere, “Ngakhale ine ndi legeni sindingaphonye pamenepo.” Fayilo imene ali nayo ndi yokonzedwayo. Ndinamupempha ya 1977 yeniyeni, akuti akufunafunabe, ndipo pano papita miyezi itatu. Kwa ine kusinthako kunalanda nkhani mchere. Munthu amene angaphe mnzake pansi pa tebulo ndi amene umadabwa naye akabwerera kumapeto kudzathandiza anzake. Ukamuyeretsa pachiyambi, kubwerera kwakeko kulibenso kulemera.

Koma nkhani imene yatenga masabata ndi ya asilikali opangidwa aja, ma clone. Kwa amene simunaonere: ndi asilikali ochuluka opangidwa kuchokera kwa munthu mmodzi, Jango Fett, oleredwa pa dziko la Kamino kuti azimenya nkhondo basi, ndipo amatsogozedwa ndi a Jedi, ankhondo a malupanga owala aja. Mu filimu ya 2005 lamulo lotchedwa Order 66 likuperekedwa, ndipo asilikaliwo akutembenukira atsogoleri awo n'kuwapha. Malo amene amandizizitsa thupi ndi a Commander Cody, mmodzi wa ma clone. Watola lupanga la Obi-Wan, Jedi womutsogolera, limene linagwa, wamubwezera mwaulemu ngati mnzake wa zaka zambiri, ndiye pasanathe mphindi walandira uthenga ndipo akulamula kuti amuombere. Polamulapo nkhope yake sitiiona chifukwa wavala chisoti. Kenako mu 2014, mu sizoni 6 ya katuni ya The Clone Wars, olemba anabweretsa nkhani yoti msilikali aliyense anamuika kachipangizo mu ubongo kamene kamamukakamiza kumvera lamulolo. Msilikali wina dzina lake Fives anatulukira chinsinsicho n'kufa asanamukhulupirire.

Pa benchi pali mtsikana wina wa ku Chanco, wokhala ku Chikanda, amene akuphunzira zamalamulo, ndipo amalankhula ngati ali kale m'khoti. Iye akuti asilikaliwo alibe mlandu. “Munthu amene maganizo ake amulanda simungamuzenge mlandu. Ndiye kuti muzenganso mfuti.” Amawamvera chisoni, akuti iwowo ndiwo akapolo enieni a nkhani yonseyi, ndipo a Jedi amene timawatcha abwino analandira gulu la anthu opangidwira kufa osafunsa n'komwe amene analipira.

Amene amamutsutsa ndi madala ena opuma usilikali, omwe amabwera kudzatchajitsa foni ndi kuonera mafilimu a nkhondo. Star Wars anaionera pomwepo pa shopu, zidutswazidutswa, koma mfundo yawo sinagwedezeke. Tsiku lina anavula chipewa, n'kuchiika pa bondo, amvekere: “Mwana wanga, kachipangizoko n'kachiyani? Msilikali safuna kachipangizo. Mudzutseni 4 koloko m'mawa kwa miyezi isanu ndi umodzi, azithamanga, azidya mukamuuza, azigona mukamuuza. Tsiku limene mudzanene kuti ombera, chala chidzapita chokha. Olemba ajawo anachita mantha. Anaona kuti ana awakonda asilikali aja, ndiye anawafunira pothawira.”

Ine ndili mbali ya madala, ngakhale mtsikanayo anandigwetsapo kamodzi. Anatikumbutsa za Crosshair, clone wa mu katuni ina ya The Bad Batch imene inayamba mu 2021, yemwe amaulula kuti kachipangizo kake kanachotsedwa kalekale koma iye anasankha yekha kukhalabe ndi Empire, boma lankhanza la mu nkhaniyi. Ndiye kuti olembawo sanatseke khomo lonse. Ndinavomera. Komabe Cody wa 2005, amene panalibe chomuikira kumbuyo, amandiopsa kuposa onsewo, chifukwa ameneyo ndingathe kukumana naye pa depoti.

Tsiku limenelo nkhani inathera kwina. Madala analoza chakumwera, kumene kuli chipilala cha asilikali a King's African Rifles (KAR) pafupi ndi Cobbe Barracks, chija mumachiona mukamalowa m'tauni kuchokera ku Blantyre. Anati agogo awo anali a KAR. Gulu limeneli linamenyana ndi Ajeremani kuno kummawa kwa Africa pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918, ndipo pa nkhondo yachiwiri linafika mpaka ku Burma. Koma asilikali a gulu lomwelo anatumidwanso mu Januwale 1915 kukathana ndi anthu a John Chilembwe ku Chiradzulu. “Novembala aliyense timaika nkhata za maluwa pa chipilala paja. Pa 15 Januwale timapuma kukumbukira Chilembwe. Dziko lomweli. Ndiye agogo angawo muwaika mbali iti?” Palibe anayankha. Wakabaza anapeza kasitomala wopita ku Matawale n'kunyamuka, mtsikana uja anayamba kuyang'ana mu foni, ndipo sipika inalira mwadzidzidzi kusonyeza kuti magetsi abwera.

Za Saw Gerrera, woukira boma amene ngakhale anzake omenyera ufulu amamuona kuti wanyanya, timakangana mosachedwa chifukwa pafupifupi tonse timamukonda, mwina chifukwa cha Forest Whitaker amene anasewera malowo mu Rogue One ya 2016. Cassian Andor, womenyera ufulu wina amene kumayambiriro kwa filimu yomweyo amaombera kumsana munthu womubweretsera uthenga, ndiye amagawa benchi pakati.

Chimene sindingakulimbikitseni kugula ndi mafilimu omasuliridwa m'Chichewa a nkhani zimenezi. Shopuyi ili nawo angapo, ndipo ndikudziwa kuti ndi amene amayenda malonda. Pa filimu ya karati womasulira amakometsa, nane ndimaseka. Koma apa amafuna kuti pakhale ngwazi ndi mdani basi. Ndinatenga ya 2005 kuti agogo ake a mwana aonere nawo, ndipo asilikali aja atangotembenuka womasulira anayamba kuwatcha zigawenga, kuti anali akazitape kuyambira kale, zimene mu filimumo mulibe. Pamalo pamene nyimbo yokha imayenera kulira anthu akugwa mmodzimmodzi, iye anali kulengeza nambala yake ya foni. Tengani za Chingelezi zokhala ndi mawu olembedwa pansi, ndipo muuzeni ayese kaye fayilo musanachoke, chifukwa kawiri konse mawuwo anali kutsogola kusiya pakamwa pa wolankhula.

Malo ndi opanikiza, anthu atatu akalowa wachinayi amaima pakhomo, ndipo nthawi ya mvula madzi ochokera kuphiri amadutsa pansi pa benchi penipeni. Kulipira amalandira ndalama pamanja kapena pa foni. Loweruka masana ndi pamene pamadzaza, ndipo ngati muli pachangu pitani m'mawa pakati pa sabata, musiye fulashi, mukatenge pobwerera.

Yanga ndaisiyanso dzulo kuti andiikire sizoni yachiwiri ya Andor, nkhani ya Cassian uja. Madala anandiuza kuti ndikamaliza ndiwabwereke, koma alibe choonerapo, ndiye zikuoneka kuti Lamlungu tikatuluka ku tchalitchi adzabwera kunyumba. Mayi a kunyumba sindinawauzebe.